Chithunzi Chobadwa pa Nthawi ya Kuitanidwa: Za Mmisiri Wobisika Wojambula Zimene Timaona pa Intaneti

M'chaka cha 1991, m'nyumba yakale ya akatswiri a makompyuta pa yunivesite ya Cambridge ku England, mudali ketulo ya khofi yoikidwa pafupi ndi chipinda chotchedwa Trojan Room. Ndipo popeza ogwira ntchito adali ambiri, obalalika m'zipinda zam'mwamba ndi zapansi, kawirikawiri munthu ankatsika makwerero kapu ili m'manja, nafika paketulopo, napeza kuti anzake okhala pafupi adakokolola kale zonse. Amuna awiri a m'nyumbamo, Quentin Stafford-Fraser ndi Paul Jardetzky, adalozetsa kamera pa ketuloyo, nalemba pulogalamu yotumiza kachithunzi kakang'ono kopanda mitundu ku kompyuta ya aliyense, kotero kuti munthu asananyamuke pampando ankayamba waona ngati ulendowo uli ndi phindu. Mu Novembala 1993 anzawo ena awiri, Daniel Gordon ndi Martyn Johnson, adalumikiza kamerayo ku masamba a pa intaneti. Ndipo kuyambira pamenepo kufikira pa 22 Ogasiti 2001, tsiku limene adaizimitsa posamukira ku nyumba yatsopano, anthu a m'maiko akutali, amene sakadalawako ngakhale dontho, ankatsegula tsambalo kuti aone ngati khofi wa ku Cambridge wachepa kapena akadalipo.

Wina akhoza kuiyesa nkhaniyi masewera a anthu ophunzira, koma woiyang'anitsitsa aona kuti m'kati mwake mudagona chinthu chimene dziko lidali lisanachizolowere. Pakuti kuyambira kale chithunzi chidali chinthu chokhazikika: wojambula ankajambula kamodzi, chithunzicho chinkapachikidwa pakhoma kapena kusindikizidwa m'buku, ndipo mdzukulu ankaona chomwecho chimene agogo ake adaona. Koma pa tsamba la ku Cambridge adiresi idali imodzimodzi m'mawa ndi madzulo, pamene chithunzi chochokera ku adiresiyo chidali cha mphindi imene munthu wachipempha. Makolo, podziwa kuti uthenga wodutsa m'kamwa mwa anthu ambiri umafika utasanduka, adati kandimverere adakanena za m'maluwa. Ndipo luso limene tikulifotokoza lero lidabadwa kuti munthu azidzionera yekha zinthu monga ziliri pa ora lomwelo. Mapu amene mumatsegula pa foni pofuna njira, mizere yosonyeza kukwera ndi kutsika kwa mtengo wa ndalama, zilembo zokhotakhota zimene amakuuzani kuti mukopere musanalowe pa tsamba, kabokosi ka timadontho takuda ka pa tikiti ya ndege: zambiri mwa zimenezi sizidali paliponse musanazipemphe, koma zidajambulidwa chifukwa cha inu, ndi kompyuta imene simudzaiona ndi maso.

Pempho ndi yankho lake

Kuti timvetse umo zimenezi zimachitikira, tiyambe tadziwa kuti tsamba la pa intaneti silibwera lathunthu monga ibwerera nyuzipepala. Pamene Tim Berners-Lee adakonza dongosolo la masamba amenewa ku CERN, pafupi ndi Geneva, pakati pa 1989 ndi 1991, tsamba lidali mawu olembedwa m'chilankhulo cha HTML. Ndipo mu Febuluwale 1993 mnyamata wa pa yunivesite ya Illinois, dzina lake Marc Andreessen, mmodzi wa olemba browser, ndiyo pulogalamu yotsegulira masamba, yotchedwa Mosaic, adapereka ganizo lakuti pakhale chizindikiro cha IMG, chouza browser kuti pamalo akutiakuti paoneke chithunzi. Chizindikirocho sichinyamula chithunzi ayi. Chimanyamula adiresi yokha. Chotero browser, ikalandira tsamba, niliwerenga, nipeza chizindikirocho, imatumanso pempho lachiwiri kwa seva, ndiyo kompyuta yosunga tsambalo, kuti ipatsidwe chimene chili pa adiresiyo. Ndipo tsamba la zithunzi 30 limayendetsa browser maulendo 31, umodzi wa mawu ndi otsalawo a zithunzi.

Chinsinsi chonse chagona pa ulendo wachiwiriwu, pakuti browser sifunsa kumene yankho lachokera. Seva ikhoza kutola fayilo yosungidwa kale niitumiza. Ikhozanso kudzutsa kapulogalamu kamene amisiri amakatcha script, nikapatsa pempholo, nidikira kuti kajambule. Njira yodzutsira mapulogalamu otereyi, yotchedwa CGI, idakhazikika m'chaka chomwecho cha 1993 pa bungwe la NCSA ku Illinois, kumene Rob McCool adali kulemba imodzi ya maseva oyambirira. Kapulogalamuko kamawerenga zimene zalembedwa kumapeto kwa adiresi, kuseri kwa chizindikiro cha funso, monga dzina la boma, chaka, m'lifupi ndi m'litali. Kamakatenga manambala m'nkhokwe ya seva. Kamayala m'chikumbumtima cha kompyuta chinsalu chopanda kanthu, nikalemba mizere, mitundu ndi mawu. Ndipo pomaliza kamatumiza zonsezo monga chithunzi, chinsalu chija n'kufufutidwa.

Kusiyana kwa njira ziwirizi kuli ngati kusiyana kwa kaunjika ndi telala wa pakhonde la sitolo. Pakaunjika munthu amasankha mwa zimene zilipo, zosokedwa kale ndi anthu osamudziwa, ndipo zikamuthina amangopirira. Koma kwa telala amafika ndi thupi lake, tepi imazungulira pachifuwa ndi m'chiuno, choko chimalemba pansalu, lumo limadula, ndipo chovala chimatuluka chimene dzulo kudalibe. Wa kaunjika amatumikira khamu mwamsanga. Telala amatumikira munthu mmodzimmodzi, natopa.

Komatu kapulogalamuko kasanatumize chithunzi kayenera kutsogoza mzere umodzi wonena mtundu wa katundu wake, wolembedwa motere: Content-Type: image/png, ndipo mzere umenewu, umene mwambo wake udabwerekedwa ku dongosolo la MIME lokonzedwera ma imelo m'chaka cha 1992, ndiwo umauza browser kuti manambala akubwerawo iwayale monga timadontho ta mitundu, osawawerenga monga zilembo. Apa ndi pamene ophunzira ambiri amapunthwa. Wina amathira chithunzi m'kati mwa mawu a tsamba lenilenilo, poyesa kuti zonse zingayende pa ulendo umodzi, naona tsamba lake litadzaza zilembo zachilendo zopanda tanthauzo, mizere ndi mizere. Wina amasiya kampata kamodzi kosaoneka, kapena mzere wopanda kanthu, pamwamba pa script yake, kampatako n'kutsogola chithunzi chisanatuluke, ndipo pamalo pa tchati chokongola pamangooneka kabokosi kosonyeza chithunzi chosweka. Mmisiri wozolowera sataya nthawi kuyang'ana tsambalo. Amakopera adiresi ya chithunzicho, naitsegula payokha, chifukwa adziwa kuti kawirikawiri uthenga wa cholakwa udabisala komweko, m'malo amene browser idayembekeza kupezamo mitundu.

Amene adalambula njira

Luso limeneli silidachedwe kupeza ntchito yolemekezeka. Mu Juni 1993, ku Xerox PARC mu mzinda wa Palo Alto ku California, Steve Putz adatsegula tsamba la mapu a dziko lapansi limene munthu ankaloza malo, napempha kuyandikira kapena kutalikira, ndipo seva inkajambula mapu atsopano a chigawo chimenecho pa pempho lililonse, malo ndi mlingo wake zitalembedwa m'adiresi momwemo. Mapu onse amene timayenda nawo m'matumba lero ndi adzukulu a ntchito imeneyo.

M'zaka zotsatira, chithunzi chojambulidwa ndi seva chimene anthu wamba adachidziwa koposa chidali chowerengera alendo, manambala ofanana ndi a mita ya mtunda ya m'galimoto, oikidwa pansi pa tsamba kuti mlendo aliyense adziwe kuti iye ndi wachingati. Pempho la chithunzicho likafika, script inkatsegula kafayilo kosunga nambala, niwonjezerapo imodzi, nilumikiza tizithunzi ta manambala, nitumiza. Ngakhale chilankhulo cha PHP, chimene lero chimanyamula masamba osawerengeka, chidayamba ngati timapulogalamu tochepa timene Rasmus Lerdorf, wobadwira ku Greenland, adalemba kuti azidziwa amene akuwerenga tsamba la mbiri ya ntchito zake, natipereka kwa anthu onse mu Juni 1995.

Koma kuti aliyense athe kujambula pa seva padafunika zipangizo zokonzeratu, pakuti kulemba chithunzi kadontho ndi kadontho popanda chothandizira ndi ntchito yoswa msana. Chimodzi chidali ImageMagick, imene John Cristy adaiyamba ali ku kampani ya DuPont, niperekedwa kwa anthu mu 1990. China chidali GD, imene Thomas Boutell adalemba mu 1994 pa ntchito ya ofufuza za sayansi a ku Cold Spring Harbor Laboratory, m'chigawo cha New York. Ndipo GD, popeza idali yopepuka ndi yosavuta kuiitana kuchokera m'zilankhulo monga Perl ndi PHP, idakhala dzanja lojambulira la mbadwo wathunthu wa amisiri. Mwa malamulo ochepa munthu ankayala chinsalu, nasankha mtundu, nalemba mzere kuchokera pa kadontho aka kufika pa ako, natumiza. Oyang'anira manetiweki nawonso adapeza bwenzi mu MRTG, imene Tobias Oetiker wa ku Switzerland adatulutsa mu 1995: mphindi 5 zilizonse inkafunsa makina kuchuluka kwa uthenga wodutsa, nijambula tchati, chobiriwira kusonyeza wolowa ndi mzere wabuluu kusonyeza wotuluka, kotero kuti mmisiri wolowa mu ofesi m'mawa ankaona ndi diso limodzi ora limene chingwe chidaduka usiku.

Mlandu wa GIF

Zithunzi zoyambirirazi pafupifupi zonse zidali za mtundu wa GIF, umene kampani ya CompuServe idatulutsa mu 1987, ndipo anthu ankaugwiritsa ntchito ndi mtima wokhazikika, pouyesa wa aliyense. Koma njira yopanikizira chithunzi kuti chichepe, yotchedwa LZW, imene idali m'kati mwa GIF, idali ndi mwini wake pamaso pa lamulo, ndiye kampani ya Unisys. Ndipo kumapeto kwa Disembala 1994 kudamveka kuti olemba mapulogalamu opanga GIF ayenera kulipira. Nkhaniyi idawawa koposa kwa ojambula pa seva, pakuti munthu wongoonetsa chithunzi chosungidwa kale sadali kupanga kanthu, pamene script yojambula pa pempho lililonse idali kugwiritsa ntchito njira ya mwiniyo usana ndi usiku.

Yankho la amisiri lidali lofulumira ndi laulemu. M'masiku oyamba a Januwale 1995 Boutell yemwe uja adalemba chikonzero choyamba cha mtundu watsopano wa chithunzi, anthu odzipereka a m'maiko osiyanasiyana adachisula pamodzi, ndipo mu Okutobala 1996 bungwe la W3C lidavomereza PNG, wopanda mwini woulipiritsa, wotha kunyamula mitundu yochuluka kuposa 256 imene GIF idalekezerapo. Mu 1999 GD idachotseratu GIF, nisiya PNG m'malo mwake, ndipo sidaibwezere kufikira 2004, umwini uja utatha mphamvu ku America mu 2003 ndi m'maiko ena chaka chotsatira. Phunziro lake likadali lamoyo kwa aliyense womanga ntchito ya boma, ya sukulu kapena ya malonda pa chipangizo cha eni: safunsa adadya phula, ndipo womanga pa malo osadziwa mwini wake asadabwe tsiku lofika wokhometsa msonkho.

Mtolo wa seva, ndi nzeru ya kusunga

Walira mvula walira matope. Chithunzi chojambulidwa pa pempho chimadya mphamvu ya seva kuposa fayilo yongotoledwa, ndipo script imene imayankha mosavuta anthu khumi ikhoza kugwetsa makina pamene anthu zikwi afika nthawi imodzi, monga zimachitikira tsiku lotuluka zotsatira za mayeso kapena za chisankho. Palinso oipa mtima amene amasintha manambala a m'adiresi mwadala: munthu akapempha chinsalu cha timadontho 50,000 m'litali ndi 50,000 m'lifupi, kadontho kalikonse nikafuna mabayiti 4, ndiye kuti wapempha mabayiti mabiliyoni 10 pa pempho limodzi, ndipo seva yosaikidwa malire imayesa kumvera kufikira itakomoka. Mu 2016 mudapezekanso mpata mu ImageMagick umene munthu ankatha kutumizira fayilo yooneka ngati chithunzi, m'kati mwake mutabisala malamulo olanda seva. Chifukwa chake lamulo loyamba la mmisiri wochenjera ndi lakuti chilichonse chochokera kwa mlendo chiyesedwe chisanalandiridwe.

Lamulo lachiwiri ndi la kusunga, limene amisiri amalitcha cache. Telala uja, ikayandikira nyengo yotsegulira sukulu, sadikira mwana aliyense kuti amuyese, koma amasokeratu mayunifolomu a misinkhu yodziwika nawapachika. Chomwechonso seva yanzeru imajambula kamodzi, nisunga, nipereka chomwecho kwa onse ochipempha kufikira manambala ake atasintha. Ndipo pamwamba pa yankho imalembapo nthawi imene browser ingasunge chithunzicho osafunsanso, kapena, browser ikafunsa, imangoyankha ndi nambala 304, kutanthauza kuti chimene uli nacho sichidasinthe. Nzeru yonse ili pa kuyesa nthawiyo molungama, pakuti chizindikiro cha kampani chikhoza kusungidwa chaka, koma tchati cha msinkhu wa madzi a mumtsinje, chikasungidwa tsiku limodzi mopitirira, chimasanduka mboni yonama.

Palibe pamene nzeru imeneyi imaoneka bwino koposa pa mapu. Kuyambira pamene Google Maps idatuluka mu 2005, dziko lidazolowera mapu odulidwa m'timabwalo ta timadontho 256 mbali iliyonse. Pa mlingo woyamba dziko lonse lapansi limakwana m'kabwalo kamodzi. Pa mlingo uliwonse wotsatira kabwalo kalikonse kamagawika panayi. Ndipo kugawikaku kukachitika maulendo 18, pamene nyumba imodziimodzi imaoneka, timabwalo timapitirira mabiliyoni 68, tambiri mwa ito tili nyanja yokhayokha imene palibe adzaipemphe. N'chifukwa chake OpenStreetMap, ntchito ya anthu odzipereka imene Steve Coast adaiyamba ku Britain mu 2004, sijambuliratu zonse: kabwalo kamajambulidwa ndi pulogalamu yotchedwa Mapnik pamene munthu woyamba wakapempha, nikasungidwa, nikajambulidwanso pamene wina wakonza msewu kapena mlatho wa m'menemo.

Apa nkhaniyi ifika kwathu. M'chaka cha 2014 gulu la Humanitarian OpenStreetMap Team lidagwira ntchito ndi a boma ndi ophunzira a ku Malawi polemba pa mapu midzi, misewu ndi nyumba za ku Chikwawa ndi ku Nsanje, miyezi yochepa madzi osefukira a mu Januwale 2015 asanamize chigwa cha Shire. Ndipo nkhokwe ya mapu a dziko lino yotchedwa MASDAP idamangidwa pa zipangizo zimene zimajambula mapu pa seva monga mwa pempho la wofunsa. Namondwe wa Idai atawomba mu 2019, ndi wa Freddy mu Malichi 2023, amene adapha kapena kusowetsa anthu oposa 1,000 m'dziko muno, funso lakuti ndi mudzi uti uli kuseri kwa mlatho wokokoloka silidali la masewera. Mutu umodzi susenza denga: wina amalemba njira ali ku Bangula, wina amakonza malire a mudzi ali ku London, ndipo seva imasonkhanitsa ntchito ya onsewo m'chithunzi chimodzi chimene woyendetsa galimoto ya chithandizo amatsegula m'mawa mwake.

Pali chifundo chinanso chimene luso limeneli lachitira eni mafoni otsika mtengo, ngakhale ambiri sachidziwa. Chithunzi choikidwa pa Wikipedia chikhoza kukhala chachikulu kwambiri, koma wowerenga amalandira kachithunzi kochepetsedwa ndi seva monga mwa malo ake pa tsamba. Browser ya Opera Mini, imene idafalikira dziko lonse mu 2006 nikondedwa kwambiri mu Africa muno, inkayamba yadutsitsa tsamba pa maseva ake, nipanikiza zithunzi, kuti bandulo ya munthu wosauka ikhalitse. Ngakhale lero browser ili ndi mphamvu yojambula yokha, mwa njira monga SVG ndi canvas, ntchito yolemetsa ikasiyidwira foni yofooka ndi batire lotha msanga, wosauka ndiye amasenza mtolo umene seva ikadamusenzera.

Mlonda wa pachipata

Popeza chithunzi chobadwa pa pempho sichidaonekepo kale, chidayeneranso ntchito ya ulonda. Mu 1997 akatswiri a AltaVista, tsamba lofufuzira zinthu pa intaneti, atatopa ndi mapulogalamu odzaza nkhokwe yawo ndi maadiresi achabechabe, adayamba kuonetsa zilembo zopotozedwa zimene munthu ankatha kuwerenga koma makina ayi. Ndipo m'zaka zoyambirira za m'ma 2000 Luis von Ahn, Manuel Blum ndi anzawo a pa yunivesite ya Carnegie Mellon adapatsa mayeso otere dzina la CAPTCHA. Seva imasankha zilembo mwamwayi, nisunga yankho kwa iyo yokha, nijambula zilembozo zokhota ndi zodetsedwa, kotero kuti mlendo aliyense amalandira funso lakelake. Mu 2007 von Ahn adatulutsa reCAPTCHA, imene inkaonetsa mawu ojambulidwa m'mabuku ndi m'manyuzipepala akale amene makina adalephera kuwerenga, kuti khama la anthu lisapite pachabe. Google idaigula mu 2009.

Koma mlonda ameneyu adali ndi mlandu wake. Munthu wosaona amawerenga intaneti ndi pulogalamu yomuwerengera mokweza, imene pofika pa chithunzi imanena mawu ofotokoza amene mmisiri adalemba kuseri kwake. Tsono chithunzi cha CAPTCHA sichingakhale ndi mawu otere popanda kuulula yankho, ndipo chotero chipata chomangidwira kutsekereza makina chidatsekereza anthu enieni. Mayeso a mawu omveka adawonjezedwa pambuyo pake, koma kawirikawiri ovuta kumva, ndiponso a m'zilankhulo zachilendo. Ndi chenjezo kwa onse ojambula matchati ndi mapu: chimene chanenedwa ndi chithunzi chinenedwenso ndi mawu, ndipo popeza script ili nawo kale manambala m'dzanja, kulemba chiganizo chimodzi chowafotokoza si ntchito yolemetsa.

Kadontho kosaoneka

Tafika tsopano pa mbali imene owerenga ayenera kuisinkhasinkha koposa. Tidaona kuti chowerengera alendo chinkalemba kanthu m'kaundula pa pempho lililonse. Ndipo amalonda sadachedwe kuzindikira kuti kulembako kungathe kuchitika popanda kuonetsa nambala iliyonse. Adapanga chithunzi cha kadontho kamodzi m'litali ndi kamodzi m'lifupi, choonekera ngati galasi, cholemera mabayiti osafika 50, nachiika m'masamba ndi m'ma imelo, adiresi yake itanyamula nambala yosiyana kwa munthu aliyense. Mwini imelo akangoitsegula, foni yake imapempha kadonthoko monga ipempha chithunzi china chilichonse; ndipo script, isanakatumize, imalemba kuti uje watsegula, pa ora lakuti, ndi foni ya mtundu wakuti, kuchokera ku dera lakuti. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Richard M. Smith, wofufuza za chinsinsi cha anthu pa makompyuta ku America, adachenjeza poyera za timadontho timeneti mu 1999, ndipo kuyambira pamenepo nkhondo yake sidathe. Mapulogalamu ambiri a imelo adayamba kubisa zithunzi kufikira mwini atalola. Gmail idayamba kudutsitsa zithunzi pa maseva ake mu 2013. Apple mu 2021 idayamba kutsegula zithunzizo m'malo mwa mwini, kuti wotumiza asadziwe ora kapena malo. Maiko a ku Ulaya adakhwimitsa lamulo loteteza mbiri za anthu mu 2018, ndipo Malawi nayenso ali ndi lamulo lotere la 2024. Komabe lamulo limafika pambuyo, pamene chikumbumtima cha mmisiri chimafika poyamba. Pakuti mizere ya script yojambulira mlimi mapu a mvula ndi yomweyo imene ingalembe mayendedwe ake iye osadziwa, ndipo palibe chizindikiro chakunja chosiyanitsa ziwirizi.

Udindo wa wojambula wosaoneka

Lero m'masukulu aukachenjede a ku Blantyre, Zomba, Thyolo ndi Mzuzu muli anyamata ndi atsikana amene akuphunzira kulemba mapulogalamu otere, ndipo ndi iwo adzajambulira anthu a kwathu mitengo ya chimanga ya m'misika, kafalidwe ka matenda m'maboma, malisiti a ndalama za pa foni ndi mapu a madera osefukira. Luso lake si lovuta, ndipo wophunzira wakhama angathe kutulutsa chithunzi chake choyamba tsiku limodzi; chovuta ndi ukapitawo wake, pakuti munthu amakhulupirira chimene waona ndi maso kuposa chimene wawerenga, ndipo wolandira chithunzi alibe njira yoonera m'nkhokwe imene chidachokera.

Chifukwa chake tiwadandaulira amisiri athu kuti asunge zinthu zinayi. Pa chithunzi chilichonse chonena za zinthu zosintha alembepo tsiku, ora ndi gwero la manambala ake, kuti chikatumizidwa pa WhatsApp mwezi wamawa chisanamize anthu kuti n'chalero. Achipepuze monga mwa foni ya wochipempha, pokumbukira kuti kulemera kulikonse kosafunika kumalipiridwa ndi ndalama imene ikadagula mchere. Alembe kuseri kwake mawu ofotokoza, m'chilankhulo cha owerenga, kuti wosaona asatsalire kunja. Ndipo asalembe m'kaundula chilichonse cha mlendo chimene sangathe kumuuza pamaso popanda manyazi. Eni mabanki, mabungwe ndi maofesi a boma amene amalemba amisiri ntchito afunse mafunso anayi omwewa asanalipire. Ndipo inu owerenga, amene zithunzizi zimajambulidwa chifukwa cha inu, muli ndi ufulu wonse wofunsa amene adachijambula, nthawi imene adachijambula, ndi chimene adalemba za inu pochitumiza.